Bwalo Limene Amalume Anakonza

Golovu ija inali yachikopa chofiirira, yong'ambika pa chala chachikulu, ndipo m'kati mwake munkanunkha thukuta la ana amene anaivala ine ndisanafike pasukulupo. Inali ya sukulu. Koma popeza inali yokhayo yovala kudzanja lamanja, ndipo wamanzere m'timu yonse ndinali ine ndekha, aphunzitsi anangoti ndizipita nayo kunyumba. Ndinkaisunga pansi pa matiresi, mpira uli m'kati, kuti ifewe. Amayi akaipeza poyala bedi ankaigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, n'kuiponya pampando.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, m'ma 1990 muja. Tinkakhala atatu m'fulati ya pamwamba ku Woolwich, mu mzinda wa London: amayi, amalume ndi ine. Bambo anamwalira ndili wakhanda. Banja lathu linathawa kuchoka ku Malawi ine ndisanabadwe, pa zifukwa zimene akuluakulu ankazinena monong'ona ngakhale zitseko zili zotseka. Chichewa ndinkachimva chonse, koma ndinkayankha m'Chingerezi. Ichi mukumva panochi ndinachitola nditakula, ndipo ndinachitola ndi manyazi.

Musandifunse kuti besibolo inkafuna chiyani pasukulu ya ku Woolwich. Aphunzitsi athu a masewera anakakhalako ku Amereka chaka chimodzi, n'kubwerako ndi thumba la magolovu ndi misala yake. Masewerawo ndi otere: wina aponya mpira, wina aumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi, ena onse ali balalabalala m'bwalo kudikira kuti auwakhe. Ine anandiika kumapeto kwenikweni kwa bwalo, kumene mawu a anzako safika. Atsikana anzanga onse anali ku netibolo. Anyamata a m'timu sankandinyoza ayi, koma sankandiyankhulanso. Ndinkaima ndekha kumeneko, mphepo ya kumtsinje ikundilowa m'malaya, kudikira mpira umene masiku ena sunkabwera n'komwe. Ukabwera, ntchito yanga inali kuthamanga chafutambuyo, maso ali kumwamba, osaona pamene ndikuponda.

Amayi anali asanandionepo ndikusewera, ngakhale kamodzi. Ankagwira ntchito panyumba yosamalira nkhalamba, misewu iwiri kuchokera pabwalo la sukulu yathu, ndipo Loweruka lililonse linali la shifiti. Ankapuma ola limodzi masana, basi. Masewera athu onse ankachitikira kutali, popeza masukulu osewera besibolo mu London anali owerengeka ndi zala. Ndikadandaula ankati, "Ikadzakhala pafupi, ndidzabwera ndi sangweji yanga ndidzadyere pomwepo." Ankanena akuvula nsapato, maso ali otseka. Ine mawu amenewo ndinawasunga ngati pangano la kutchalitchi.

Chilimwe chimenecho timu yathu inachita zodabwitsa, inafika mu fainolo. Aphunzitsi anatiuza kuti malo ochitira fainoloyo sanasankhidwe. Panatsala mabwalo awiri: lathu, ndi la sukulu ina ya kufupi ndi Wembley, kutsidya lina la mzinda. Komiti ya aphunzitsi atatu ochokera m'masukulu ena inali yoti ibwere Lolemba, tikangotsegulira pambuyo pa tchuthi cha sabata imodzi, idzayendere bwalo. Ankaona zimbudzi, poimika magalimoto, pokhala makolo, ngati mpira sungaswe mawindo a anthu, ndiponso ngati pansi pali posalala. Anzanga analibe nazo ntchito, kwa iwo Wembley inali dzina lokoma m'kamwa. Kwa ine sizinali choncho. Fainolo inali ya Loweruka masana. Ikakhala kwathu, amayi adzandiona. Ikapita ku Wembley, basi, zatha.

Tsono amalume. Kumudzi anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale chakumtunda kwa Dedza. Ku London anali wothandizira woyang'anira nyumba za sukulu yathu yomweyo: kukolopa makonde, kutaya zinyalala, kutchetcha udzu. Popeza mayina athu a makolo anali osiyana, palibe ankadziwa kuti ndife apachibale, ndipo ine sindinafune kuti wina adziwe. Ndikakumana nawo pakhonde ali ndi ndowa ndinkayang'ana kukhoma. Iwo ankangokhudza chipewa pang'ono n'kupitirira. Lero ndikakumbukira ndimafuna kudzitsina. Mwana wanji wosapatsa moni malume wake, munthu amene ankampangira tiyi m'mawa uliwonse?

Koma tsiku limenelo ndinawafuna. Tikudya, ndinawafotokozera za komiti ija, ndipo ndinawapempha kuti akonze bwalo lioneke bwino kuposa la ku Wembley. Anasiya supuni.

"Kukubwera alendo? Lolemba? Nanga iwe bwanji osanena kale?"

Nkhope yawo inawala mwa mtundu umene ndinali ndisanauonepo. Anayamba kusimba mmene ankachitira kusukulu kwawo akamva kuti kukubwera oyendera masukulu: kusesa kuyambira kumsewu mpaka ku ofesi, kupaka laimu mitengo mpaka m'chiuno, kundandalika njerwa zoyera m'mbali mwa njira iliyonse. Ati oyendera ena ankatsika galimoto n'kuima kaye, osayenda, kungoyang'ana. "Bwalo ndi nkhope ya sukulu," anatero. "Mlendo asanaone kope la mwana, amaona pamene waponda." Amayi anangoti, "Achimwene, kuno n'kwa eni," koma amalume anali atanyamuka kale kukafuna chingwe.

Sabata ya tchuthi ija mkulu wawo wa ntchito anali atapita kunyanja ndi banja lake, makiyi onse anasiyira amalume. Kuseri kwa sukulu kunali mulu wa njerwa za khoma lina limene anagumula kalekale. Tinayamba Lolemba m'mawa, mame asanaume. Ine ndinkakankha wilibala, imene inkalira ngati ikumva kuwawa. Amalume ankakoka chingwe, kukhoma zikhomo, n'kukumba kangalande kozungulira malire onse a bwalo. Njerwa iliyonse ankaiika chopendeketsa, theka pansi, ngodya yake yakuthwa ikuloza kumwamba, ina kutsamira inzake, ina kutsamira inzake, ngati mano a sowo. Ikakhota pang'ono ankaizula. "Diso la mlendo silinama," ankatero, n'kuyambiranso.

Ndikukumbukira fungo la udzu wotchetcha kumene litasakanikirana ndi la laimu m'ndowa. Laimu ankaluma m'mabala a m'zala. Ukampaka amaoneka wotuwa, wosalimbikitsa, koma dzuwa likamuwomba amayera mbee mpaka kuthobwa m'maso. Masana tinkakhala pansi pa mtengo n'kudya buledi ndi tiyi wa m'fulasiki. Amalume ankaimba nyimbo za m'buku la kutchalitchi ndi mawu okhuthala, ndipo akaiwala vesi ankalizira mluzu. Anandiphunzitsa kugwira burashi kuti laimu asatsikire kuchigongono. Anandifunsanso malamulo a besibolo, ndipo nditawafotokozera anapukusa mutu: "Ndiye kuti iwe ntchito yako ndi kuimirira? Aa, imeneyo ngakhale ine ndingaithe." Ndinaseka mpaka tiyi kutuluka m'mphuno.

Apa ndiye pamene pali mlandu wanga, ndipo ndiunena wonse. Ine ndinkadziwa. Amalume besibolo anali asanaionepo, koma ine ndinkadziwa kuti kumalire kuja ndi kumene mwana amathamanga chafutambuyo, maso ali kumwamba. Lachinayi, iwo atapita kukatunga madzi, ndinaponya mpira m'mwamba n'kuuthamangira monga mwa masiku onse. Chidendene chinakodwa, ndinagwa, ndipo ngodya ya njerwa inandicheka pamsongolo. Magazi anadontha pa laimu. Ndinapaka pamenepo ndi burashi msangamsanga, n'kukweza sokosi kubisa bala.

Bwanji sindinanene? Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti mwana sakonza munthu wamkulu. Bodza. Pakamwa panga panali pakuthwa ndithu, amayi ndi mboni. Zoona zake n'zakuti imeneyo inali sabata yoyamba m'moyo wanga imene munthu anakhala nane kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akundiyankhula, akundifunsa maganizo. Ndinaopa kuti ndikanena, ntchito itha, ndipo ndibwerera kukakhala ndekha m'fulati ndi wailesi yakanema. Ndinasankha kukhala chete, n'kumadzinamiza kuti mwina alendowo aona kukongola kokha.

Ndipo kunali kokongola, zimenezo palibe angandilande. Loweruka madzulo tinakwera pa masitepe a holo n'kuyang'ana pansi. Udzu wobiriwira, mzere woyera wozungulira wopanda pokhota, mitengo isanu ya kumpanda itavala masokosi oyera, ndipo pachipata timiyala toyera titalemba mawu a Chingerezi olandira alendo. Amalume anavula chipewa. Anangopuma mpweya wautali.

Lolemba alendo anafika pa nthawi ya buleki. Aphunzitsi anali atandiuza kale, ine ndi mnyamata wina, kuti tidzakhalepo tiziponyerana mpira kuti bwalo lioneke lamoyo. Aphunzitsiwo nawonso bwalolo anali asanalione chitsegulire. Amalume ndinawapeza ataima pachipata atavala suti yawo yakuda, ija ankavala pa maliro ndi pa Khirisimasi, tayi ili pakhosi, manja atawagwirizira kutsogolo. Ana ena ankaloza n'kumaseka. Dzuwa linali likuswa mtengo, thukuta likuwatsika m'khosi, koma sanasunthe.

M'galimoto munatuluka abambo awiri ndi mayi mmodzi wonyamula chikwama ndi pepala la mndandanda. Amalume anawerama pang'ono n'kuwapatsa moni mmodzimmodzi, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Alendowo anamwetulira mwachangu, maso ali kale kubwalo. Anayenda mpaka kumalire n'kuima. Anaima ndithu osayenda, monga amalume ananenera, ndipo kwa kamphindi ndinaganiza kuti zatheka.

Mayi uja anakhudza nsonga ya njerwa ndi nsapato yake. Anagwada, n'kuikhudzanso ndi chala. Mmodzi wa abambo aja anasekera m'mphuno, n'kunamizira kutsokomola. Aphunzitsi athu nkhope inafiira mpaka m'makutu. Mayiyo sanakalipe. Anangonena ndi mawu ofatsa kuti mwana akagwera pamenepa chagada, mutu ukhoza kung'ambika, ndipo analemba kanthu papepala. Kalembedwe kake kanali kakafupi kwambiri.

"Wachita izi ndani?" anafunsa aphunzitsi.

Amalume anabwera kutsogolo. Ndikukhulupirira kuti anali asanamve bwino zimene mayi uja ananena, popeza anaima pataliko mwaulemu. Anayankha m'Chingerezi chawo cha ku mishoni, chomveka liwu lililonse, chifuwa chili patsogolo: "Ndine, bwana. Ine ndi mwana wa mlongo wangayu." Ndipo ananditambasulira dzanja lonse, monga munthu amaonetsera chinthu chimene amanyadira.

Onse anatembenukira kwa ine. Mnyamata uja anatsegula pakamwa. Ndiye ndinanena, m'Chingerezi cha ku Woolwich, mokweza kuti aliyense amve:

"Ine ndinawauza kuti asatero. Kuno si ku Malawi."

Kalanga ine! Mawu ali ngati madzi, akatayika sawoleka. Dzanja la amalume linatsika pang'onopang'ono. Sanandiyang'ane. Anati pepani kwa mayi uja, pepani kwa abambo aja, pepani kwa aphunzitsi. Alendowo anayendera zimbudzi ndi poimika magalimoto mwamwambo chabe. Pochoka, amalume anamulandira mayi uja chikwama, iye akukana, n'kuwaperekeza mpaka pagalimoto, popeza mlendo sachoka yekha. Anaima pachipata atakweza dzanja mpaka galimoto inakhota.

Lachitatu yankho linabwera: fainolo ku Wembley. Aphunzitsi anayesa kupempha, nati njerwa zichotsedwa, koma komiti inati ngalande ija singadzale n'kumera udzu m'masiku ochepa otsalawo. Mkulu wa ntchito wa amalume uja atabwerako kunyanja anawalamula kuti azule zonse, ndipo popeza m'kati mwa sabata munali ntchito zina, anati achite Loweruka, tsiku la fainolo lomwelo.

Kunyumba nkhaniyi palibe anaitchula. Amalume ankadzukabe m'mawa n'kundisiyira tiyi pathebulo, atavundikira ndi sosala. Sanaimbenso. Ine, m'malo mopepesa, ndinawakwiyira. Inde, ndinawakwiyira ineyo! Ndinkati andilanda amayi anga ndi njerwa zawo zachimidzi. Pakhonde la sukulu tsopano ana ankati akandiona, "Amalume ako awo," ndipo ndinkayenda mothamanga. Amayi nditawauza za Wembley anawerenga ndi zala. "Sitima ziwiri kupita, ziwiri kubwera. Ola langa lingathere m'njira, mwanangu, ndisanaone ngakhale chipata." Ndinamenyetsa chitseko cha kuchipinda mpaka kalendala inagwa.

Loweruka tinapita pa minibasi ya sukulu. Bwalo la kumeneko linali losalala, lopanda chokongoletsa chilichonse, malire ake atangoika timapulasitiki tofewa. Makolo a anzanga anabwera pa magalimoto awo ndi mipando yopinda, mafulasiki ndi agalu. Aliyense ankafuula dzina la mwana wake. Ine ndinapita kumalo kwanga, kutali, kumene mawu safika. Kuseri kwa mpanda kunkadutsa sitima, ndipo iliyonse ndinkaiyang'ana ngakhale ndinkadziwa kuti mulibe wanga.

Chakumapeto, timu inayo itatsala pang'ono kutipitirira, mnyamata wawo wamkulu thupi anaumenya mpira phaa! Unakwera mpaka kuoneka ngati kadontho. Ndinathamanga chafutambuyo, dzuwa lili m'maso, ndinatambasula dzanja, ndipo unalowa m'chikhatho ndi phokoso limene ndimalimvabe mpaka lero. Masewera anathera pomwepo. Tinapambana. Anyamata aja anandithamangira, kundimenya pamsana, ena kutchula dzina langa koyamba. Kenaka aliyense anathamangira kwa makolo ake, ndipo ine ndinatsala nditaima ndi mpira m'manja, osadziwa kolowera. Mayi wina wosamudziwa anandipatsa lalanje.

Pobwerera anzanga onse anakwera magalimoto a makolo awo. Mu minibasi tinalimo awiri, aphunzitsi kutsogolo, ine kumbuyo ndi matumba a zibonga. Anayesa kucheza nane, kenaka anatsegula wailesi. Anandisiya pachipata cha sukulu dzuwa litapendeka. Njerwa zonse zinali zitachoka, zitaunjikidwa bwinobwino kukhoma. Pamalire panatsala ngalande yakuda yozungulira bwalo lonse. Sindinaime nthawi yaitali.

Amayi anafika kunyumba cha m'ma sikisi. Ndinali nditakhala pampando, mendulo imene anatipatsa titapambana ili pakhosi, kudikira kuti aione okha. Koma ine ndi amene ndinayamba kuona. Yunifolomu yawo yabuluu inali ndi zoyera pamimba ndi m'mikono, nsapato zili mbuu, ndipo chala chimodzi anachimanga ndi pulasitala. Ndinafunsa kuti zimenezo n'chiyani.

"Ndinapita kukathandiza amalume ako pa ola langa lija."

Ndinalumpha. Ndinakuwa m'Chingerezi mpaka a fulati ya pansi anagogoda denga. Ndiye kuti nthawi munali nayo! Nthawi ya njerwa ilipo, ya ine palibe! Ndinati sindidzawapemphanso kanthu moyo wanga wonse. Amalume anali m'chipinda mwawo, chitseko chili chotseka, ndipo ndikudziwa kuti anamva zonse. Amayi anabwera pafupi. Anagwira mendulo ija, kuitembenuza, n'kuibwezera pachifuwa panga.

"Wachita bwino," anatero. "Kawaitane amalume ako tidye."

Sindinapite. Anakawaitana okha.

Zinthu zitasintha kwathu, amalume anabwerera ku Malawi, ndipo anamwalira komweko ine ndili ku koleji, ndisanawapepese. Amayi anandiuza zotsalazo patapita zaka zambiri, tikusenda mbatata, ngati nkhani wamba. Ati tsiku lija anatuluka kuntchito ndi sangweji yawo, miyendo n'kungowatengera kubwalo, poti n'kumene anali atakonzekera kupita kwa masabata onse aja. Anawapeza achimwene awo atakhala pa wilibala yovundikira pakati pa bwalo, chipewa chili m'manja. Anali atafika m'mamawa, koma mpaka masana amenewo anali asanazule njerwa ngakhale imodzi. Atawafunsa, anangoti, "Chemwali, manja akukana." Amayi anaika sangweji pansi, anagwada ndi yunifolomu yawo, n'kuzula yoyamba. Anazula yachiwiri, yachitatu. Atafika cha pa khumi, amalume anadzuka n'kukankha wilibala kubwera nayo pafupi. Ola litatha amayi anabwerera kuntchito osadya.

Ine zimenezo sindikanazimva ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ngakhale akanandiuza. Madzulo amenewo ndinadya nditazolika, osayang'ana aliyense, ndikukhulupirira ndi mtima wanga wonse kuti mu London yense munthu amene anasiyidwa yekha pabwalo tsiku limenelo ndinali ine.